Mafunso ndi mayankho: kusintha lamba woyendetsa kathalakitala kotchetchera kapinga

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kwa anthu amene ali ndi makina otchetchera kapinga okhala ndi mpando aja, oyenda ngati kathalakitala, kaya ndi John Deere, Husqvarna, Craftsman, Cub Cadet kapena MTD. Mapangidwe ake amasiyanako apa ndi apo koma nzeru yake ndi imodzimodzi, nde mukamva za wina mwamvanso za winayo. Buku la makina anu likhale pafupi, likanena zosiyana ndi zanga tsatirani bukulo.

Pansi pakepo ndikuona malamba awiri, amene mukunenayu ndi uti?

Injini ya timathalakitala iti shafiti yake imaloza pansi, ndipo kunsonga kwa shafitiyo kuli mapule awiri osanjikizana, timawilo timene lamba amayendapo. Pule yam'munsi imakoka lamba wa deki, amene amazunguza mipeni yodula udzu, dekiyo ndi chibokosi cha pansi chimene muli mipeniyo. Yam'mwamba ndi imene imakoka lamba wathuyu, amachoka pa injini kudutsa mkati mwa fulemu mpakana kumbuyo pa giyabokosi imene imazunguza matayala. Nde mipeni ikamazungulira koma makina osayenda, ganizirani wam'mwambayu. Makina akamayenda koma udzu osadulika, ameneyo ndi wa deki, nkhani ina.

Chinanso, ma MTD ambiri komanso ena opangidwa ndi kampani yomweyo ali ndi pule yapakati yosinthira liwiro, nde malamba oyendetsa amakhala awiri, wautali wochoka pa injini ndi wamfupi wopita ku giyabokosi. Amenewo sinthani onse pakamodzi chifukwa wina akakhala watsopano wina wodyeka liwiro silimakwana.

Ndidziwa bwanji kuti lamba watha asanaduke?

Amayamba kudandaula kaye. Pamalo afulati mukuyenda bwinobwino koma mukafika pokwera makina akungofooka pomwe injini ikulira ndi mphamvu zake zonse, kapena mukachotsa phazi pa kilatchi imayamba yaganiza kenako nkudumpha. Nthawi zina mumamva kulira kwa tswii ndi fungo la labala wopsa. Gwadani ndi tochi muone. Lamba wotha amakhala ndi ming'alu mkati mwake, m'mbali mwake mumanyezimira ngati mwapakidwa polishi, nsalu yake imasosoka ulusi kulendewera, pena nkupezeka kachidutswa kagamphukiratu. Ndipo muyang'ane mmene wakhalira mu pule. Lamba wa V amagwira ndi m'mbali, osati ndi pansi ayi, nde akadyeka mpakana kumira kukagunda pansi pa ngalande ya pule ndekuti basi, olo asakhale ndi mng'alu ndi umodzi womwe akungotereramo.

Injini ikulira bwino koma makina sakusuntha olo pang'ono. Ndi lamba basi eti?

Musathamangire kugula kaye. Pali zinthu ziwiri zimene zimapusitsa anthu kwambiri. Choyamba, makina a giyabokosi ya oyilo, ija amati hydrostatic, ali ndi kachitsulo kumbuyo pakati pa matayala kamene mumakoka mukafuna kuwakankha ndi manja. Wina akakoka nkuiwala kubwezera, makina sayenda ndithu ngakhale lamba ali watsopano. Chachiwiri, ngati munachotsako tayala lakumbuyo posachedwapa, mwina kukamatitsa, pali kachitsulo kakang'ono ka makona anayi, kakiyi kolowa pakati pa ekiselo ndi limu, kamagwa mu udzu munthu osakaona. Popanda kameneko ekiselo imangozungulira yokha mkati mwa tayala.

Palinso vuto lina lofanana kwambiri ndi la lamba. Makina akamakoka bwino injini itangoyaka koma pakatha mphindi 20 kapena 30 nkumafooka, mukawasiya azizire nkuyambanso kukoka, nthawi zambiri ndi giyabokosi yatopa kapena oyilo wake watha mphamvu. Giyabokosi ya Tuff Torq K46, imene ili pa timathalakitala tambirimbiri ta pakhomo, imachita zimenezi ikakalamba makamaka ngati imakokeredwa katundu wolemera. Pamenepo lamba watsopano sakuthandizani.

Ndigule lamba wotani? Ndingotenga wakaleyu nkukayerekeza?

Apa mpomwe ambiri amalakwira nde ndikhalapo pang'ono. Njira yabwino ndi nambala. Tukulani mpando, pansi pake kapena pa fulemu pali kasitika kolembedwa model ndi serial number, ndi manambala amenewo mupeza nambala yeniyeni ya lamba m'buku la masipeya. Dzina lolembedwa pa boneti lokha silikwana chifukwa makina a dzina limodzi amatha kusiyana malamba malinga ndi chaka kapena mtundu wa giyabokosi.

Kuyerekeza ndi wakale kuli ndi msampha wake, wakaleyo anatamuka komanso anadyeka m'mbali, nde mukamuyeza akupatsani muyezo wabodza. Ndipo pa makina awa theka la inchi si nkhani yamasewera. Lamba akatalika pang'ono amaterera, akafupika pang'ono samasuka mukaponda kilatchi.

Ngati wa kampani yake sakupezeka ndipo mukugula wongoyendera saizi, dziwani kawerengedwe kake. 4L ndi lamba wa theka la inchi mulifupi, pafupifupi mamilimita 13, pomwe 5L ndi wokulirapo, cha m'ma 5/8 inchi. Nambala yotsatirayo ndi kutalika kwa kunja, 4L950 ndekuti mainchesi 95, omwe ndi masentimita 241. Koma akalemba A93 akuwerenga mkati, nde kunja kwake mumawonjezera mainchesi 2 nkukhala 95 yemweyo, pa B mumawonjezera 3. Anthu amagula A95 poganiza kuti ndi chimodzimodzi ndi 4L950 nkupezeka atenga wotalika ndi mainchesi awiri athunthu.

Ndipo asakhale lamba wamba. Funsani wokutidwa ndi nsalu, wa ulusi wa aramid mkati, umene ambiri amaudziwa ndi dzina loti Kevlar.

Nanga fanibeluti ya galimoto ya saizi yomweyo singagwire?

Kulowa ilowa, koma siyikhalitsa ndipo ikhoza kukuvulazani. Ya galimoto inapangidwa kuti izigwira nthawi zonse osaterera, m'mbali mwake ndi labala wosakutidwa. Lamba wa makina awa ntchito yake ndi ina, iyeyo ndi amenenso ali kilatchi. Mukaponda amayenera kumasuka nkumangokhudza pule osakoka, mukachotsa phazi agwire pang'onopang'ono, nchifukwa chake amamuveka nsalu ija. Komanso amapindidwa chagada podutsa pa mapule afulati, zimene fanibeluti wamba wa V sazipirira nthawi yayitali. Mukaika ya galimoto makina amatha kumadumpha ponyamuka kapena kumayendabe phazi lili pa kilatchi.

Pafunika zida zanji?

Sizambiri. Masipanala ndi masoketi, pulayala, tochi, magolovesi ndi foni yojambulira. Makina opangidwa ku America ambiri mabawuti ake ndi a mainchesi, monga 1/2, 9/16 ndi 5/8, nde sipanala ya mamilimita yongoyandikira saizi imadya mitu ya mabawuti. Kachingwe kolimba kokokera sipuling'i kamathandizanso, kusiyana nkulimbana nayo ndi pulayala nkukuthawani kumaso.

Ndisanalowetse manja pansipo ndichite chani? Ndingawagoneke chammbali?

Aimikeni pamalo afulati olimba, zimitsani, chotsani kiyi, dikirani azizire chifukwa ekizozi ili pafupi ndi pomwe mukagwire. Zulani waya wa pulagi, ndipo ngati injini ndi ya masilinda awiri mawaya ndi awirinso, zulani onse. Masulani waya wakuda wa batire. Ikani mitengo kapena njerwa kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala. Izi sindikunena mongokwaniritsa mwambo ayi, mukhala mukuzunguza pule ya injini ndi manja zala zili pakati pa lamba ndi chitsulo.

Zowagoneka chammbali ayi ndithu, petulo amatayika, oyilo amalowa mu eya filita ndi mu silinda, batire nalo likhoza kudontha asidi. Mukafuna malo tukulani kutsogolo nkuika masitandi pansi pa fulemu. Musalowe pansi pa makina amene agwiridwa ndi jeke yekha, amenewa amalemera makilogalamu opitirira 150 ambiri a iwo ndipo mukamakoka bawuti yolimba amagwedezeka.

Deki nkofunikadi kuchotsa?

Alipo amene amakwanitsa deki ili pompo koma amavutika kawiri ndipo saona chimene akuchita. Chotsani. Itsitseni pansi penipeni, vulani lamba wake pa pule ya injini, zulani timapini togwira mikono yake, ngati mipeni mumayatsa ndi handulo pali kebulo yoti mumasulenso, kenako ikokereni kumbali. Timapinito ndi mawashala ikani m'kachitini.

Chabwino, nde wakaleyu ndimuchotsa bwanji?

Musanakhudze chilichonse jambulani. Kutsogolo, pakati, kumbuyo, pule iliyonse payokha, kuti zioneke lamba wadutsa mbali iti ya pule komanso mbali iti ya timawaya tolimba tija tomutchinga. Zithunzi khumi sizichuluka.

Kenako pondani kilatchi mpakana pansi nkukoka loko ya buleki. Pa mathalakitala ambiri kutero kumakankha pule yapakati yomangitsa lamba nde lambayo amalendewera. Pa ma zero-turn, oyendetsa ndi mahandulo awiri aja, zimasiyana, sipuling'i imakoka nthawi zonse nde mumayenera kukankha mkono wa pule kapena kuvula sipuling'iyo.

Yambani ndi mapule apakati. Ambiri ali ndi kotchingira pafupi kwambiri moti lamba satuluka, nde mumamasula nati ya pule pang'ono kuti itsike, kuchotseratu sikofunika nthawi zonse. Akachoka apo mwapeza mpata wambiri, mukokereni kumbuyo nkumuvula pa pule ya giyabokosi. Pa hydrostatic pamwamba pa pule imeneyo pali fani ya pulasitiki, mudutsitseni tsamba limodzilimodzi mofatsa uku mukuzunguza, tsamba likathyoka giyabokosi izitentha ndipo ndi yodula kwambiri kuposa lamba. Pa makina ena kumbuyoko mumafikako bwino mukachotsa batire ndi thireyi yake pansi pa mpando.

Kutsogolo nkomwe kumasiyana kwambiri. Pena pali timawaya totchinga kapena kabulaketi kozungulira pule ya injini koti mumasule. Ngati mipeni mumayatsa ndi switchi ndekuti muli ndi kilatchi ya magetsi pansi pa injini, zulani pulagi ya waya wake, pena lamba amadutsa mukangochotsa kachitsulo koyiletsa kuzungulira, pena mpaka kilatchi yonse itsike. Ndipo pa makina ena shafiti ya chiwongolero imadutsa mkati mwenimweni mwa lamba, nde mpaka mumasule nati yapansi pa shafitiyo nkukoka chiwongolero m'mwamba pang'ono kuti papezeke mpata. Musanatero wongolani matayala nkuika chizindikiro pa magiya ake kuti pobwezera chiwongolero chisakhote.

Wakaleyo musamudule kuti atuluke msanga. Njira imene watulukira ali wathunthu ndi imene watsopano alowere, ndipo mukamuchotsa wamoyo mwaiphunzira.

Bawuti ya pansi pa injini ikuzungulira limodzi ndi injini, nditani?

Ngati muli ndi mfuti yomasulira mabawuti imachoka kamodzinkamodzi. Ngati mulibe, onani pa kilatchi ya magetsi ija penipenipo, ambiri ali ndi malo ophwatalala ogwirapo sipanala, kapena wina akagwire nati ya fulayiwilo pamwamba pa injini. Pa ambiri bawutiyi imamasuka chakumanzere ngati bawuti wamba. Kilatchi ndi yolemera, igwireni ndi dzanja lina isakugwereni kumaso, ndipo sungani ndondomeko ya mawashala ndi kakiyi ka pa shafiti. Pomanga tsatirani muyezo wa m'buku, bawuti imeneyi ikamasuka makina akuyenda imawononga shafiti ya injini. Kachitsulo koletsa kilatchi kuzungulira kalowe m'malo mwake, mukakaiwala kilatchi yonse imazungulira nkudula mawaya ake pompo mukangoliza.

Sindinajambule ndipo wakale anachita kuduka nkugwa. Njira yake ndiidziwa bwanji?

Yang'anani kaye pansi pa popondera mapazi kapena pansi pa mpando, makina ambiri ali ndi sitika ya chithunzi cha njira ya lamba, m'buku chilimonso. Zikasowa zonse mapule eniake akuuzani. Pule ya ngalande ya V imalandira mimba ya lamba, mbali yopyapyala ija. Pule yafulati imakhudza msana wa lamba. Pule ya injini ndi ya giyabokosi zonse zili mkati mwa lamba, yafulati imakhala kunja kwake ikumukankhira mkati. Mukatsatira lamulo limeneli nthawi zambiri njira yotheka imatsala imodzi yokha. Muonetsetsenso kuti sanapotoke paliponse, yendetsani chala kuzungulira lamba yense.

Watsopanoyu akuoneka wamfupi, ndingamukanule ndi sikuludiraiva kuti akwere?

Musatero chonde. Ulusi wamkati umaduka osaonekera kunja, lamba nkuyamba kutembenuzika mu pule kapena kuduka patangopita masiku ochepa, inu nkumati anakugulitsani wachabechabe. Watsopano amaoneka wamfupiko poyerekeza ndi wotamuka uja komanso ndi wouma, zimenezo nzabwinobwino. Koma ngati sakukwera, onani ngati buleki ili yokhomabe, ndipo sinthani ndondomeko, muikeni pa injini ndi pa giyabokosi poyamba, mapule apakati akhale omaliza chifukwa mpomwe pali mpata. Zikakanikabe ndekuti mwina mwamudutsitsa molakwika kapena nambala si imeneyo.

Ndasintha lamba mwezi watha koma wadukanso. Malamba a masiku ano ndi achabe kapena?

Funso ili limandikhudza chifukwa ndaona anthu akugula lamba kachitatu pomwe chomupha chili pompo chikuwayang'ana. Lamba wabwino saduka yekha mwezi umodzi, pali chinachake chikumudya, ndipo wakufayo amakuuzani ngati mungamuyang'ane bwino.

Ngati wasosoka msana kapena m'mbali ndipo pansi pa makina pali fumbi lakuda la labala, pafupifupi nthawi zonse ndekuti anadutsa kunja kwa kotchingira m'malo mwa mkati. Kawaya kaja kamayenera kukhala kunja kwa lamba, pafupi naye koma osamukhudza akamangika. Lamba akakwera pamwamba pake makina amayenda ndithu, nchifukwa chake munthu sazindikira, koma chitsulocho chikumucheka ndipo pena satha ndi ola limodzi lomwe.

Ngati wapsa malo amodzi, pokumbika ngati wina analumapo, ndekuti lamba anaima pomwe pule ya injini ikuzungulirabe. Zimachitika pule ina ikagwira, kapena makina akatitimira m'matope munthu nkumangokakamiza, kapena kukoka ngolo yolemera kuposa mphamvu yake.

Nde lamba asanalowe, pamene manja ali kale pansipo, zunguzani pule iliyonse yapakati ndi chala. Yabwino imazungulira mwakachetechete ndipo siyigwedera. Ikamalira kuti khwee, ikamakakamira, kapena ikamazungulira mopepuka kwambiri ndi kaphokoso ngati mulibe girisi, beling'i yatha, sinthani pule yonse. Mapule apulasitiki amasungunuka pakati beling'i ikatentha nkupendekeka. Gwedezani mkono umene wanyamula pule yomangitsa, uzisuntha momasuka pa bawuti yake, ukachita dzimbiri nkumakakamira sipuling'i siyitha kumanga lamba mokwanira. Sipuling'iyo nayo imatopa, ikaoneka yotamuka kapena mbedza yake yadyeka musayisiye. Kolokosani m'ngalande za mapule, kamtengo kapena kamwala kokanirira mmenemo kamavula lamba paliponse. Pule yopindika mlomo, mwina inagunda chitsa, imachita chimodzimodzi.

Pomaliza gwirani pansi pa injini pomwe shafiti yatulukira. Pakakhala ponyowa ndi oyilo ndekuti silo, kalabala kotsekera oyilo pa shafiti, ikudontha, oyiloyo akugwera pa lamba, ndipo labala ndi oyilo sizigwirizana, amafewa nkumaterera. Konzani siloyo kaye.

Ndamaliza kuika. Ndiyese bwanji ndisanabwezere deki?

Injini isanayake masulani buleki muone lamba akumangika, pondaninso muone akumasuka. Yenderaninso kotchingira kalikonse ndi tochi. Kenako bwezerani mawaya, khalani pampando, lizani pa liwiro lochepa pamalo opanda ana kapena ziweto pafupi, pitani kutsogolo pang'ono, bwererani, pondani buleki. Musamange switchi ya pansi pa mpando, imene imazimitsa injini mukadzuka, kuti muzisuzumira pansi injini ikulira. Pakatha mphindi zisanu zimitsani, chotsani kiyi, gwirani lamba ndi mapule mosamala. Kufunda palibe vuto, koma pule imodzi ikatentha kuposa zinzake kapena mukamva fungo la labala, chilipo chalakwika ndipo bola mwachipeza deki isanabwerere.

Tsopano makina akukwawa ngakhale ndaponda kilatchi, magiyanso akuvuta kulowa.

Lamba sakumasuka mokwanira. Mwina ndi wamfupi, mwina ndi wa labala wosakutidwa uja, koma onaninso timawaya totchinga ta pa pule ya injini. Anthu amaganiza kuti ntchito yake ndi kuletsa lamba kugwa basi, pomwe timathandizanso kuti lamba akamasuka atukuke kuchoka mu ngalande asamakokedwe. Mukatichotsa kapena kutipindira kutali poika lamba, tibwezereni momwe tinalili. Musawagwiritse ntchito ali choncho poganiza kuti lamba atamuka yekha, makina osaima ukawaponda ndi oopsa.

Nanga mankhwala opopera aja oletsa lamba kulira?

Asiyeni. Amamata fumbi ndi udzu pa lamba, ndipo lamba woti azimasuka mukaponda kilatchi safunika zomata.

Lamba amayenera kukhala nthawi yayitali bwanji?

Zimatengera malo anu ndi kagwiritsidwe, wotchetcha pafulati osakoka kanthu amatha zaka zingapo ndi lamba mmodzi, wa pamtunda wokoka ngolo amasintha msanga. Chimene mungachite ndi kumachotsa udzu wouma umene umaunjikana pamwamba pa giyabokosi ndi mkati mwa fulemu, ndi mpweya kapena bulashi, osati madzi a mphamvu chifukwa amalowa m'mabeling'i nkutsuka girisi. Musamayende phazi litatsamira pa kilatchi. Makina akakhala miyezi osagwira ntchito suzumirani musanalize, makoswe amakonda kumanga zisa mu fulemu momwe mukudutsa lambamo. Ndipo nambala ya lamba amene wakwana bwino ilembeni ndi maka pansi pa mpando pamodzi ndi tsiku limene mwamuika, chifukwa zolembedwa pa msana wa lamba zimafufutika m'masabata ochepa.